Seva ya manotsi kusukulu kwathu: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba, 6 Meyi 2024

Lero masana ana a Fomu 4 atsitsa manotsi m'mafoni kuchokera pa laputopu ya mulaibulale, osagula bandulo. Ndaganiza zoyamba kulemba chilichonse chimene ndikuchita pa ntchitoyi, zoyenda ndi zokanika zomwe, kuti mphunzitsi wina wa kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo amene angafune kuchita zomwezi asagwe m'mbuna zimene ndikugwamo ine.

Sukulu yathu ndi yoyendera. Ili m'munsi mwa phiri, pakati pa minda ya tiyi, ulendo wa kabaza kuchokera pa Chitakale. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa kuno, malata ena a laibulale anasasuka ndipo mabuku ambiri ananyowa mpaka masamba kumatirirana. Otsalawo sakwana. Mwana akabwereka buku la Biology Lolemba, anzake amadzaliona Lachisanu. Fotokope imafuna ndalama, ndipo makolo ambiri kuno amadalira kuthyola tiyi, ntchito imene imachepa mvula ikatha chifukwa tiyi saphukira kwambiri nthawi yozizira. Koma makomo ambiri ali ndi foni yotha kutsegula PDF, kaya ya bambo, kaya ya mlongo wamkulu.

Zida zake ndi zitatu basi: laputopu yakale imene inkangokhala mu ofesi, rauta yaing'ono, ndi chingwe cholumikizira ziwirizi. Mu laputopu ndinaikamo Ubuntu 22.04, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta monga amachitira Windows, ndipo amabwera kale ndi Python 3.10, chinenero cholembera mapulogalamu. Rautayo ilibe intaneti. Ntchito yake ndi kungokumanitsa mafoni ndi laputopu pa Wi-Fi. Ndinatsegula terminal, windo lakuda lolembamo malamulo lija, n'kulemba:

python3 -m http.server 8000

Lamuloli limayatsa seva, pulogalamu yogawa mafayilo pa netiweki, ndipo 8000 ndi port, ngati nambala ya khomo limene mafoni amagogodapo. Laputopu inayankha kuti "Serving HTTP on 0.0.0.0 port 8000", kenako inangoti zii, kudikira. Mnyamata wina analemba adiresi ya laputopuyo pa foni ya mayi ake, ndipo mndandanda wa mafayilo unatuluka. Pa windo lakuda panabwera mzere watsopano wothera ndi nambala 200, kusonyeza kuti fayilo yaperekedwa. Mizere ija itayamba kutsika yambirimbiri, mtima wanga unadzala.

A hedi alola kuti a Fomu 4 okha azibwera ndi mafoni, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana, pakhonde la laibulale. M'kalasi foni ndi yoletsedwabe, ndipo ndikugwirizana nazo.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndalakwitsa chinthu chachikulu, ndipo ndikuchilemba pano poyera chifukwa wina aliyense angachichite.

Pulogalamuyi imagawa chilichonse chimene chili mufoda imene munthu waimamo polemba lamulo lija. Dzulo ndinaima mufoda yaikulu ya laputopu, osati ya manotsi. Ndiye ana ankaona zonse, kuphatikizapo foda imene ndinasungamo mayeso a Masamu amene Fomu 4 imayenera kulemba sabata yamawa. Amene wandiuza ndi mtsikana wa m'kalasi momwemo. Wabwera m'mawa uno n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, muli foda ina yolembedwa kuti mayeso, kodi nayonso ndi yathu?"

Windo la dzulo linali likadali lotsegula, choncho ndinakwera m'mwamba kuwerenga mizere yonse. Mafoni awiri anatsegula fayiloyo. Mizereyo imaonetsa manambala a mafoni pa netiweki, osati mayina a ana, ndipo sindinafune kufufuza. Wosiya chitseko chotsegula ndine. Ndakauza a hedi, ndipo usiku uno ndikulemba mayeso ena.

Kuyambira lero lamulo ndi ili, ndipo mufoda ya manotsi simulowa china chilichonse chosayenera maso a mwana:

python3 -m http.server 8000 --directory /home/sukulu/manotsi

Lachinayi, 9 Meyi

Ndili m'kalasi la Fomu 2, amayi a mulaibulale anafuna kulemba kalata pa laputopu. Anaona windo lakuda lodzaza manambala, analitseka monga mmene munthu waukhondo amachotsera chinthu chosafunika patebulo. Pofika 2 koloko ana anasonkhana pakhonde, mafoni onse akukana. Amayiwo anadandaula kwambiri, koma sanalakwe kalikonse. Palibe anawauza kuti moyo wa sevayo uli m'windo limenelo.

Chifukwa chake ndachimvetsa tsopano. Pulogalamu imene mwaiyambitsa mu terminal imakhala ngati mwana wa terminalyo. Windo likatsekedwa, pulogalamuyo imalandira uthenga wotchedwa SIGHUP, umene nambala yake ndi 1, ndipo ngati sinauzidwe zoti iunyalanyaze, imafa pomwepo. Dzinali linachokera ku nthawi imene anthu ankalumikizana ndi kompyuta yaikulu kudzera pa waya wa telefoni. Munthu akadula foni, kompyuta inkadziwa kuti mwiniwake wapita, n'kutseka zonse zimene anasiya. Waya wa telefoni uja kulibenso, koma mwambo wake udakalipo.

Madzulo a hedi anandipeza ndikuyatsanso. Anaima kumbuyo kwanga kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, zimenezi n'zabwino ndithu. Koma tsiku limene inu mwadwala kapena mwapita kumaliro, ayatsa ndani?"

Ndinayankha kuti ndiphunzitsa amayi a mulaibulale. Sanatsutse, koma nkhope yawo sinakhutire. Inenso yankholo silinandikhutitse.

Loweruka, 11 Meyi

Tsiku lonse ndinali ndekha kusukulu, kuyesa njira zoti seva isafe windo likatsekedwa.

Choyamba ndinaika chizindikiro cha & kumapeto kwa lamulo. Chimenechi chimakankhira pulogalamu kumbuyo, n'kukubwezerani malo olembapo malamulo ena. Ndinatseka windo, ndinayesa pa foni: yafa. Kukhala kumbuyo sikuilekanitsa ndi kholo lake, uthenga uja umaipezabe.

Chachiwiri ndinawonjezera disown, lamulo louza terminal kuti pulogalamuyi si yakenso. Apa ndi pamene ndinataya maola awiri, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa zinandizunguza mutu. Nditatseka windo n'kutsegula lina, ndinalemba ps aux | grep http.server, lamulo loifufuza pa mapulogalamu amene akuyenda, ndipo sevayo inalipo, yamoyo, ndi nambala imene makina amaidziwira. Koma foni ikaifunsa, inkabweza tsamba lopanda kanthu, Chrome n'kulemba kuti ERR_EMPTY_RESPONSE. Ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso, ndinasintha chingwe, ndinabwereka foni ya a mlonda poganiza kuti yanga ndiye yavuta. Ayi ndithu.

Nkhani inali yotere. Seva imeneyi, isanapereke fayilo, imayamba yalemba mzere uja wa 200 pa windo limene inabadwiramo. Windolo linali litapita. Ikati ilembe, inkapeza palibe polemba, n'kupunthwa pomwepo isanayankhe foni. Inali yamoyo koma yosalankhula. Ndinazindikira kuti kupulumutsa pulogalamu ku SIGHUP ndi theka chabe la ntchito. Iyeneranso kupatsidwa malo ena olembapo zonena zake.

Nditafuna kuyatsa ina, laputopu inakana: "OSError: [Errno 98] Address already in use". Yosalankhula ija inali itagwirabe port 8000, ndipo mapulogalamu awiri sangamvetsere pa port imodzi. Lamulo la ss -ltnp limaonetsa amene wagwira port iliyonse ndi nambala yake. Ndinalemba kill ndi nambalayo, malo anapezeka.

Chachitatu ndiye chinagwira:

nohup python3 -m http.server 8000 --directory /home/sukulu/manotsi &

nohup amachita zonse ziwiri nthawi imodzi. Amauza pulogalamu kuti isamvere SIGHUP, ndipo mizere yake yonse amaitumiza mufayilo yotchedwa nohup.out. Ndinatseka windo, ndinatuluka panja mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa laibulale, ndinatsitsa manotsi a Chemistry bwinobwino. Chimodzi choti muonetsetse: nohup.out amabadwira mufoda imene mwaimamo, ndiye musaime mufoda ya manotsi polemba lamuloli, chifukwa ana adzayamba kutsitsanso fayilo imeneyo. Imakulanso tsiku ndi tsiku, palibe amene amaidula.

Ndinafika kunyumba dzuwa litalowa kale kuseri kwa minda, ndili wokondwa.

Lachiwiri, 14 Meyi

Tsiku la Kamuzu, kulibe sukulu, koma ndinapita chifukwa dzulo seva inathimanso. Ulendo uno palibe anatseka windo. Amayi a mulaibulale anangopinda laputopu poweruka kuti isalowe fumbi, ndipo laputopu ikapindidwa imagona, netiweki n'kugona nayo limodzi. Mufayilo ya /etc/systemd/logind.conf ndinasintha mzere wina kuti ukhale HandleLidSwitch=ignore, ndinachotsa # amene anali kutsogolo kwake, n'kuyatsanso laputopu. Kuti isamagonenso yokha ikakhala pa batire ndinalemba izi, poyamba ndi sudo, mawu opempha mphamvu za woyang'anira makina:

sudo systemctl mask sleep.target suspend.target hibernate.target hybrid-sleep.target

Ndayesanso tmux, pulogalamu yosunga terminal yamoyo ngakhale windo litatsekedwa, imene ndinaitsitsa polumikiza foni yanga ku laputopu. Ndi yokoma kugwiritsa ntchito: mumayatsa seva m'kati mwake, mumadina Ctrl ndi B kenako D, mumachoka, ndipo pobwera tmux attach imakubwezerani pomwe munasiyira, mizere ikuyendabe. Poyesa zinthu ndiziigwiritsa ntchito. Koma funso la a hedi siikuliyankha.

Lachisanu, 24 Meyi

Malume anga anamwalira Lolemba usiku ku Luchenza. Ndinanyamuka m'bandakucha wa Lachiwiri, ndipo za laputopu sizinabwere n'komwe m'mutu mwanga. Ndi malume amenewa amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1.

Usiku wa Lachiwiri womwewo magetsi anathima kusukulu mpaka m'mawa. Batire ya laputopuyi ndi yotopa, siifika ola. Inazima. Ndipo laputopu ikazima, nohup ndi tmux yemwe amapita nayo. Zonsezi zimateteza pulogalamu ku kutsekedwa kwa windo, osati ku kuzima kwa makina.

Lachitatu masana, titangochoka kumanda, foni inalira. Anali amayi a mulaibulale. Anayamba ndi kupepesa maliro, kenako anati, "Pepani aphunzitsi kukuvutitsani pa nthawi ngati ino, koma ana adzaza pakhonde pano." Ndinapatuka kuseri kwa nyumba ya siwa n'kuyamba kuwatchulira lamulo lija chilembo chimodzichimodzi. Kamzere kogona, kamzere kopendekera, apa dumphani malo, apa musadumphe. Netiweki inkadukaduka. Iwo amalemba P wamkulu pamene pafunika wamng'ono, laputopu n'kumayankha kuti "command not found". Kenako mayunitsi awo anatha. Ine ndinaitanidwa kuti akuluakulu akufuna kukamba za banja.

Masiku atatu ana anadikira pachabe. Ena mwa iwo amachokera kutali, mbali ya ku Likhubula, ndipo kutsala mpaka 4 koloko ndiye kuti ayenda ndi njala n'kukafika kwawo kuli mdima. Anabwereka mafoni kwa makolo, ena mochita kupempha kwambiri, n'kubwerera opanda kanthu, mayeso a MSCE ali pafupi chonchi. Lero nditafika palibe mwana amene wandidandaulira. Onse amangoti pepani ndi maliro. Zimenezo ndiye zandipweteka kuposa akanadandaula.

A hedi sanabwereze funso lawo lija. Panalibe chifukwa chobwerezera.

Ndaona kuti maganizo anga ophunzitsa munthu wina kulemba lamulo lalitalilo anali olakwika kuyambira pachiyambi. Amayi aja ali ndi ntchito yawo, ndipo si chilungamo kuwasenzetsa mzere wa zilembo umene kulakwitsa kamodzi kokha kumagwetsa zonse. Laputopu iyenera kudziyatsira sevayo yokha. Ntchito ya munthu ithere pa kudina batani loyatsira.

Loweruka, 25 Meyi

Njira yachangu ndi cron, pulogalamu yoyatsa zinthu yokha pa nthawi imene mwaiuza: crontab -e, kenako mzere woyamba ndi @reboot wotsatiridwa ndi lamulo lathu, mizere yake ndikuitumiza mufayilo ina kunja kwa foda ya manotsi. Ndinazimitsa laputopu n'kuyatsa katatu, katatu konse seva inadzuka yokha ndisanalembe ngakhale pasiwedi. Ikugwira. Chotsala n'choti cron amangoiyatsa kamodzi pa kudzuka kwa makina, sabweranso kudzaona ngati ikadali moyo. Ikagwa pakati pa tsiku, yagwa.

Loweruka, 1 Juni

Mphwanga amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre anabwera kudzaona amayi, ndipo ndinamukokera kusukulu asanamwe ndi tiyi yemwe. Ataona mzere wanga wa cron anati, "Achimwene, mwayesetsa. Koma m'makina muno muli kale kapitawo amene ntchito yake ndi imeneyi. Bwanji osangomupatsa dzina la seva yanuyi?"

Amanena systemd. Ndi pulogalamu yoyamba kudzuka Ubuntu akamayaka, nambala yake ndi 1, ndipo ndi imene imadzutsa zina zonse. Kufanizira ndi kapitawo kunandithandiza, chifukwa tonse tinakulira pafupi ndi esiteti: m'mawa amaitana mayina, amadziwa amene wafika ndi amene sanafike, ndipo mzere wa tiyi ukasiyidwa amaikapo munthu. Dzina la seva yathu limalembedwa mufayilo yaing'ono. Tinaitcha /etc/systemd/system/manotsi.service ndipo m'kati mwake muli izi:

[Unit]
Description=Seva ya manotsi
After=network.target

[Service]
User=sukulu
ExecStart=/usr/bin/python3 -m http.server 8000 --directory /home/sukulu/manotsi
Restart=always
RestartSec=5

[Install]
WantedBy=multi-user.target

Ndinamuuza kuti asandilembere, andifotokozere mzere uliwonse ndilembe ndekha, chifukwa mawa iye adzakhala ku Blantyre. User=sukulu ndiye kuti seva iziyenda ndi mphamvu za munthu wamba, osati za root amene amatha kutsegula chilichonse m'makinamo. Pa ExecStart palibe nohup, palibe &. Poyamba ndinawaika mwachizolowezi, iye anandigwira dzanja. systemd amafuna kuti pulogalamu ikhale pamaso pake kuti aziiyang'anira, ndipo mizere yake amaisunga yekha. Restart=always ndi RestartSec=5 ndiye mtima wa nkhani yonse: ikafa, dikira masekondi 5, idzutsenso. Mzere womaliza ukunena kuti iziyaka pamodzi ndi zina zonse makina akamadzuka, kaya wina walowa ndi pasiwedi kaya ayi.

Kenako malamulo awiri, loyamba louza systemd kuti awerenge fayilo yatsopanoyo, lachiwiri loyatsa sevayo:

sudo systemctl daemon-reload
sudo systemctl enable --now manotsi

Tinayang'ana ndi systemctl status manotsi tikuyembekezera mawu obiriwira. M'malo mwake panalembedwa "activating (auto-restart)". Chodabwitsa n'choti pa foni manotsi ankatsika bwinobwino. Ine ndinati basi zatheka, tiyeni tizipita. Iye anakana. "Achimwene, imene ikuyankhayo si yathuyi." Analemba journalctl -u manotsi -n 20, lamulo loonetsa mizere imene sevayo yalemba, ndipo tinaona mnzanga wakale uja, Errno 98, akubwerezedwa masekondi 5 alionse. Seva ya cron ya sabata yatha inali itadzuka kale m'mawa n'kugwira port 8000. Yatsopanoyo imati ikadzuka n'kupeza malo ali ndi mwini, imagwa, kapitawo n'kuidzutsanso, imagwanso, osalekeza. Tikanachoka pamenepo, ndikanakhala ndikukhulupirira kuti systemd akugwira ntchito pamene ikutisunga ndi njira yakale ija. Tinachotsa mzere wa @reboot mu crontab, tinapha yakaleyo, ndipo pasanathe masekondi 5 panabwera "active (running)".

Tsopano kuyesa. Ndinaipha dala ndi sudo pkill -9 -f http.server, nambala 9 imene pulogalamu siingaikane. Tinawerenga pamodzi mokweza mpaka faifi. Inabwerera ndi nambala yatsopano. Ndinaiphanso kachiwiri, inabwereranso. Ndinazula chingwe cha magetsi, ndinazimitsa laputopu, ndinaitana a mlonda. "Agogo, tadinani apa kamodzi kokha." Anadina, anabwerera pampando wawo. Ife tinaima pakhonde osakhudza kiyibodi, ndipo patangopita kanthawi foni inatsegula manotsi.

Mphwanga anandikumbutsanso kuti systemctl stop manotsi imaimitsa sevayo osadzukanso, chifukwa pamenepo systemd amadziwa kuti mwini wake ndiye wafuna. Ndi mmene ndiziimitsira ndikafuna kukonza zinthu. Za kudzaza disiki anati ndisade nkhawa ngati mmene zinalili ndi nohup.out, popeza journald, amene amasunga mizereyo m'malo mwa systemd, ali ndi malire ake, sapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a disiki, ndipo akafika pamenepo amafufuta zakale.

Lachiwiri, 11 Juni

Masiku 10 seva sinafune dzanja langa. Mavuto amene atuluka ndi a njira yofikira kwa iyo.

Lachinayi lapitali magetsi atabwerera, ana anati yafanso. Sinafe. Rauta inaipatsa laputopu adiresi ina, yosiyana ndi imene ndinalemba pa bolodi. Rauta imagawa maadiresi mongobwereketsa, ndipo ikazima n'kuyaka ikhoza kugawa mwina. Ndinalowa m'makonzedwe a rautayo, pa gawo la DHCP logawa maadiresiwo, ndipo ndinamangirira adiresi 192.168.0.50 ku nambala ya MAC ya laputopu, imene rauta imaizindikirira nayo, yomwe ndinaipeza ndi ip link. Tsopano siisinthanso.

Vuto lina ndi la mafoni a Android. Akaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti, ena amaisiya mwakachetechete n'kubwerera ku data ya pa simukhadi, ndiye adiresi yathu siipezeka. Mankhwala ake ndi kuzimitsa data musanalumikize. Ndazilemba ndi zilembo zazikulu pa chitseko.

Chimene chinkatidyera nthawi kwambiri ndi :8000 wa kumapeto uja. Ana ambiri amaiwala madontho awiriwo, kapena amaika limodzi, foni n'kuyesa kukafufuza pa Google. Browser ikapanda kuuzidwa port imapita yokha pa 80, ndiye ndinasintha 8000 kukhala 80 mufayilo ija. Inakana: "PermissionError: [Errno 13] Permission denied". Pa Linux, port iliyonse yochepera 1024 siiperekedwa kwa munthu wamba. Njira yachidule inali kuchotsa User=sukulu kuti iziyenda ngati root. Ndinaiganizira, koma ndinakumbukira za pa 7 Meyi. Pulogalamu yogawa mafayilo kwa aliyense amene ali pa Wi-Fi siyenera kukhala ndi makiyi a nyumba yonse. Mphwanga ananditumizira mzere umodzi woika pansi pa [Service]:

AmbientCapabilities=CAP_NET_BIND_SERVICE

Umenewu umaipatsa chilolezo chimodzi chokhacho, chogwira port yaing'ono, china chilichonse ayi. Pambuyo pa daemon-reload ndi systemctl restart manotsi, adiresi yatsala manambala okha. Mwana amene kale ankandiitana katatu tsopano amalemba yekha n'kukhala pansi.

Lachinayi, 20 Juni

Chiperoni chagwa kuyambira Lolemba. Phiri silikuoneka, mvula yowaza siikuleka, ndipo ana akukhala mothinana pakhonde atavala majuzi awiriawiri, mafoni atawaphimba ndi mapepala a pulasitiki. A hedi alola kuti azilowa m'kati mwa laibulale mpaka nyengo isinthe. Laputopu ndaichotsa pafupi ndi zenera chifukwa cha chinyezi, ndaiika pa shelefu yapamwamba, pansi pake ndaikapo timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa.

Dzulo ndinali ku msonkhano wa aphunzitsi ku Boma tsiku lonse, ndipo sindinauze aliyense chochita. M'mawa uno ndalemba journalctl -u manotsi --since yesterday kuti ndione. Magetsi anathima cha m'ma 9 koloko, laputopu inazima batire itatha. Cha m'ma 1 koloko pali mzere wosonyeza kuti seva yayamba. A mlonda akuti magetsi atabwera anadina batani monga ndinawaonetsera. Kuyambira 2 koloko mizere ya 200 ikutsatana mpaka 4 koloko, yambiri ya manotsi a Agriculture amene aphunzitsi a phunzirolo anandipatsa Lolemba. Ndinawerenga mizere yonseyo mpaka pansi, ngakhale panalibe chofufuza.

Mtsikana wina wa Fomu 3 amene amakonda kutsalira pa laputopu ndayamba kumuonetsa zinthu ziwiri: kukopera mafayilo atsopano kuchokera pa fulashi kupita mufoda ya manotsi, ndi kuwerenga systemctl status. Pasiwedi ya sudo sindinamupatse, ndipo pa ntchito ziwirizi siifunika. Dzulo lomwelo anaika yekha mayeso akale a pasukulu pano a Geography. Fayilo ikangolowa mufoda imaoneka pa mafoni nthawi yomweyo, seva siifuna kuyatsidwanso.

Zotsala zilipo. Aphunzitsi a Physics anabweretsa mavidiyo atatu a zoyesera za mulabu, ndipo apa seva yathu yaonetsa malire ake. Siidziwa kupereka chidutswa cha fayilo. Mwana akatsitsa vidiyo n'kudukiza pakati, amayambiranso pachiyambi, ndipo poonera pa browser sangadumphire kutsogolo. Olemba Python amanena okha kuti http.server si yopangira ntchito yaikulu yokhazikika, ndipo sindikuwatsutsa. Pa manotsi a PDF yatikwanira. Pa mavidiyo ndidzaika nginx, pulogalamu ina ya seva imene imatha zimenezi ndipo imabwera ndi fayilo yake ya systemd. Koma sindikhudza chilichonse mpaka a Fomu 4 atamaliza MSCE. Chinthu chimene chikuyenda sindichigwedeza ana ali pakati pa kukonzekera.

Chachiwiri ndi rauta. Magetsi akathima laputopu imapirirako pang'ono, koma rauta imazima nthawi yomweyo, ndiye seva imatsala ikuyenda popanda woifikira. Kuseri kwa rautayo kwalembedwa 12V. Kabatire kakang'ono kokhala pakati pa soketi ndi rauta kangathe kuisunga maola angapo, ndipo batire yatsopano ya laputopu ingachepetse maulendo a a mlonda. Ndalemba kalata yopempha komiti ya makolo, a hedi asayina lero. Loweruka ndipita ku Limbe kukafunsa mitengo, ndipo nditenga adaputala ya rautayo m'thumba kuti ndikayeze pulagi yake pomwepo ndisanalipire.